MPHEMVU IMABWEZERA MZINDA ZIMENE MZINDA UMATAYA

Pamene likulu la dziko lino linasamuka kuchoka ku Zomba kudza ku Lilongwe m'chaka cha 1975, amisiri a bungwe la Capital City Development Corporation, lomwe linakhazikitsidwa mu 1968, anali atayala kale mzinda wonse papepala mwadongosolo. Maofesi a Boma anawaika pa Capital Hill, mabanki ndi maofesi a akazembe ku City Centre, msika ndi masitolo akale anatsala ku Old Town m'mbali mwa mtsinje wa Lilongwe, ndipo m'kupita kwa nthawi nyumba zikuluzikulu za mabwalo otakasuka zinamangidwa ku Area 10, Area 12 ndi Area 43, kuwonjezera pa zija za ku Area 3 ndi Area 9. Dera lililonse linapatsidwa nambala yake ndi ntchito yake. Koma pali nzika imodzi ya mzindawu imene sinaonepo mapu amenewo, ndipo mpaka lero imayenda mwaufulu kuchokera m'ngalande za pa msika waukulu kufikira m'makabati a maofesi a akuluakulu. Nzika imeneyi ndi mphemvu.

Anthu ambiri amaiona mphemvu ngati kachilombo kochititsa manyazi chabe. Mayi wa pakhomo akaiona ikuthamanga pakhoma alendo ali m'nyumba, amaiphwanya ndi patapata mwachangu, nkhani n'kuthera pomwepo. Bwana wa mu ofesi akaipeza m'dirowa amatuma mesenjala kuti akagule mankhwala opopera. Makolo anaipatsa dzina loti mdyerakumthiko poona kuti silima, sisinja, koma imakhuta ndi zotsalira za mphika wa eni ake. Komabe mlandu waukulu wa mphemvu uli pa zimene imasiya pa mthikopo ikatha kudya. Ndipo kuti munthu amvetse zimene imasiyazo, ayenera kudziwa zimene zili m'mimba mwake, pakuti m'matumbo a kachilombo kameneka mumalembedwa mbiri ya ukhondo wa mzinda wonse.

Mitundu ya mphemvu padziko lapansi ilipo yoposa 4,000, ndipo yochuluka imakhala m'nkhalango, pansi pa masamba owola, osavutitsa munthu. Imene inasankha kukhala ndi anthu ndi pafupifupi 30 yokha, ndipo mwa imeneyi iwiri ndiyo yodziwika kwambiri m'mizinda. Mtundu woyamba ndi wa mphemvu zazikulu zofiirira, zija zimauluka usiku nyengo yotentha, zimene akatswiri amazitcha Periplaneta americana. Ngakhale dzinali likunena za America, kwawo kwenikweni ndi mu Africa muno, ndipo zinawoloka nyanja m'zombo za amalonda. Izi zimakonda malo achinyezi ndi amdima: zimbudzi zokumba, ngalande, mipope ya suweji ndi matanki a zonyansa. Mtundu wachiwiri ndi wa timphemvu ting'onoting'ono ta mizere iwiri yakuda chakukhosi, totchedwa Blattella germanica, tokhala m'khitchini, kuseri kwa firiji, m'ming'alu ya makabati ndi m'kati mwa makina ofunda a m'maofesi. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2024 anaonetsa kuti makolo a timeneti anachokera cha ku India ndi Myanmar zaka pafupifupi 2,100 zapitazo. Kakakazi kamodzi kamanyamula kachikwama ka mazira 30 mpaka 40, ndipo pamalo ofunda ana ake amakhala atakula pakatha miyezi ngati iwiri.

ENI MUDZI

Katswiri akaing'amba mphemvu ndi kuyang'ana pa galasi lokuza zinthu, amapeza kuti mimba yake ili ngati mudzi wa mabanja ambiri. Chakudya chikamezedwa chimayamba chasungidwa m'chithokomiro, monga momwe zimakhalira ndi nkhuku, kenaka chimaperedwa m'kanthutumba kokhala ndi mano 6 olimba, chisanalowe m'matumbo. Chakumapeto kwa matumbowo, kumene mpweya wabwino sufika wambiri, ndiko kuli chinamtindi cha tizilombo tosaoneka ndi maso. Okhala m'mudzi umenewu ali m'magulu awiri, eni mudzi ndi alendo, ndipo kusiyanitsa magulu awiriwa ndiye mutu wa nkhani yonse.

Eni mudzi ndi tizilombo timene takhala ndi mphemvu kuyambira kalekale. Muli mabakiteriya a mitundu mazanamazana amene amasasitsa ndi kugaya zinthu zolimba zimene mphemvu payokha sikanazitha. N'chifukwa chake kachilomboka kamakhala ndi moyo podya mapepala, makatoni, guluu wa m'mabuku, sopo ngakhale tsitsi. Muli kachilombo ka selo imodzi kotchedwa Nyctotherus ovalis, kamene kamasambira ndi tiubweya take, ndipo m'kati mwa kameneka mumakhalanso tizilombo tina topanga mpweya wa methane, womwe uja ng'ombe imageya ikamabzikula. Muli tinyongolotsi tating'ono kwambiri: m'mphemvu zazikulu mumapezeka ta mitundu ya Leidynema ndi Hammerschmidtiella, pamene m'zazing'ono za m'khitchini mumapezeka Blatticola. Mulinso Gregarina, amene amakanirira ku khoma la matumbo ndi kuyamwa chakudya cha mwini wake.

Wamkulu wa eni mudzi onse sakhala m'matumbo mwenimweni koma m'mafuta a m'thupi la mphemvu. Dzina lake ndi Blattabacterium, ndipo ubale wake ndi mphemvu watha zaka zoposa 100 miliyoni. Tizilombo tambiri touluka ndi tokwawa timataya kunja nyansi za m'thupi zotchedwa yuriki asidi, koma mphemvu imazisunga ngati chimanga m'nkhokwe. Nthawi ya njala mabakiteriya amenewa amathandiza kusandutsa nyansizo kuti zikhalenso zomanga thupi, monga anatsimikizira akatswiri amene anawerenga chibadwa chawo mu 2009. Mayi amawapatsira kwa ana ake kudzera m'dzira, ndipo mphemvu zimene zachotsedwa mabakiteriyawa ndi mankhwala zimakula mopinimbira ndi kubereka movutikira. Apa ndi pamene pagona kupirira kwa mphemvu. Nacho chiswe, chimene chimamaliza mitengo ya denga mothandizidwa ndi tizilombo ta m'mimba mwake, akatswiri anatsimikiza mu 2007 kuti ndi nthambi ya banja lomweli la mphemvu.

Tizilombo ta m'matumbo timafika kwa ana a mphemvu mwa njira yonyansa koma yofunika kuidziwa: ana amadya zitosi za zazikulu. Chimene mphemvu imodzi yameza, posakhalitsa chimakhala m'mimba mwa gulu lonse. Komabe nkofunika kunena mosabisa kuti eni mudzi ambiriwa alibe mlandu ndi munthu. Nyongolotsi za mphemvu ndi za mphemvu, ndipo sizikula m'mimba mwa mwana wa munthu.

ALENDO

Mlandu uli ndi alendo, ndipo alendowo amachokera kwa anthu. Mphemvu sibadwa ndi kamwazi kapena taifodi. Imakatenga matendawa kumene munthu wawasiya poyera. Kuyambira mu 1957, pamene akatswiri awiri a ku America, Louis Roth ndi Edwin Willis, anasonkhanitsa pamodzi zonse zodziwika pa nkhaniyi, ofufuza m'maiko ambiri, kuphatikizapo Ethiopia, Ghana ndi Nigeria, akhala akupeza m'matumbo ndi pa miyendo ya mphemvu mabakiteriya a Salmonella, Shigella, Escherichia coli, Klebsiella ndi Staphylococcus. Apezanso mazira a njoka za m'mimba za anthu, monga Ascaris ndi Trichuris, pamodzi ndi timbewu ta Entamoeba histolytica, toyambitsa kamwazi, ndi ta Giardia, totsekula m'mimba. Ena mwa mabakiteriyawa amakhala amoyo m'matumbo a mphemvu ndi kumatuluka m'zitosi zake kwa masiku angapo, nthawi zina masabata.

Njira yake ndi yachidule. Dzuwa likalowa, mphemvu imatuluka m'dzenje la chimbudzi kapena mu mpope wosweka itadya zimene yapezamo. Miyendo yake ili ndi timinga tokola nyansi, ndipo podziyeretsa imapititsa miyendoyo ndi tinyanga take m'kamwa, motero zakunja zimalowa m'kati. Ikafika pa mkute wosavundikira, pa mbale zogona zosatsuka, pa botolo la mkaka wa khanda, imadya, imabzikula pang'ono pa chakudyacho, ndi kusiyapo zitosi zonga tsabola wopera. M'mawa mwana amadya mkute uja akupita ku sukulu. Usiku wonsewo m'nyumbamo simunamveke phokoso, ndipo palibe waona kanthu.

Palinso nyongolotsi ina, Moniliformis, imene imazungulira pakati pa khoswe ndi mphemvu. Mazira ake amatuluka m'zitosi za khoswe, mphemvu imawadya, amaswa ndi kukula m'thupi mwake, ndipo khoswe wina akadya mphemvuyo mzere umapitirira. Mwa apo ndi apo mwana wokwawa, amene chilichonse amaika m'kamwa, amalowa mu mzere umenewu. Nacho chuku chimayenda ndi mphemvu: mitundu ya Candida ndi Aspergillus yapezeka pa mphemvu zogwidwa m'zipatala ndi m'nyumba. Kwa munthu wamphamvu chuku chimenechi si kanthu, koma kwa khanda lobadwa masiku asanakwane, kwa wodwala khansa, ndi kwa munthu amene chitetezo cha m'thupi chatsika chifukwa cha HIV, chingathe kukhala chiyambi cha matenda aakulu. Ndiponso fumbi la zitosi ndi zikhungwa zimene mphemvu zimafundula limadzutsa mphumu. Kafukufuku wa mu 1997 pakati pa ana a m'mizinda ya ku America anaonetsa kuti ana a mphumu amene thupi lawo limadana ndi fumbili, ndipo amagona m'zipinda za mphemvu zambiri, ndiwo ankagonekedwa m'chipatala kawirikawiri.

M'CHIPATALA

Kumene nkhaniyi imafika poopsa ndi m'zipatala. M'chaka cha 2000 madokotala a pa chipatala cha Tygerberg, ku Cape Town, anafalitsa zimene anaona m'chipinda cha makanda. Makanda anadwala matenda a m'magazi oyamba ndi Klebsiella wosamva mankhwala ambiri, ndipo atafufuza anapeza Klebsiella wa mtundu wofananawo pa mphemvu za m'chipindamo. Chipatala chili ndi zonse zimene mphemvu imafuna: kufunda, chinyezi, mipope yambirimbiri, ndi chakudya chimene abale odikirira odwala amasunga m'timakabati ta pambali pa bedi. Chili ndi chinanso chimene nyumba wamba ilibe, ndicho mabakiteriya amene akumana ndi mankhwala amphamvu ndi kuphunzira kuwapirira.

Dziko lino silili kutali ndi vuto limeneli. Ofufuza a pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, atasanthula zoyeza magazi za zaka zambiri, anapeza kuti mu 2003 pafupifupi 12 mwa 100 aliwonse a Klebsiella ndiwo sankamva gulu la mankhwala odalirika monga ceftriaxone, koma pofika mu 2016 chiwerengerocho chinali chitafika pa 90 mwa 100. Kafukufukuyo sanali wa mphemvu, ndipo zifukwa za kusamva mankhwala n'zambiri, makamaka kumwa mankhwala mwachisawawa. Koma pamene mankhwala ayamba kufooka, njira iliyonse imene kachilombo kangayendere kuchoka pa bedi lina kupita pa lina iyenera kutsekedwa. Zipatala za mu likulu, Kamuzu Central Hospital yomwe inatsegulidwa mu 1977 ndi Bwaila ya ku Old Town kumene kumabadwira makanda ochuluka chaka ndi chaka, ziyenera kupatsidwa ndalama zokonzera mipope, kumata ming'alu ndi kuthana ndi tizilombo monga gawo la chithandizo cha odwala, mofanana ndi ndalama zogulira mankhwala.

Alipo ena amene anganene kuti nkhaniyi ikukuzidwa, pakuti matenda otsekula m'mimba amafala makamaka ndi madzi oipa, manja osasamba ndi ntchentche. Amenewa akunena zoona, ndipo choonadi chimenechi chisabisidwe. Mliri wa kolera umene unayamba ku Machinga mu March 2022, umene unadwalitsa anthu pafupifupi 59,000 ndi kupha oposa 1,700, umenenso unachedwetsa kutsegulira sukulu mu Lilongwe ndi Blantyre mu January 2023, sunabwere ndi mphemvu. Unayenda ndi madzi ndi chakudya chodetsedwa. Koma mpope wosweka umene umadetsa madzi akumwa ndi womwewo umaweta mphemvu. Chimbudzi chopanda chivundikiro chimene chimaitana ntchentche usana ndi chomwecho chimatulutsa mphemvu usiku. Pamene mphemvu zachuluka, pamenepo pali chonyansa cha munthu chimene chili poyera, ndipo munthu wanzeru amaziona ngati mthenga wochenjeza mliri usanafike.

MIPANDA

Anthu okhala m'nyumba za mipanda ya njerwa, za mawaya a magetsi pamwamba ndi alonda pa geti, kawirikawiri amaganiza kuti mphemvu ndi nkhani ya ku Mtandire, Kauma, Chinsapo ndi Mgona. Maganizo amenewa ndi olakwika ndiponso oopsa. Pa kalembera wa mu 2018 mzinda wa Lilongwe unali ndi anthu 989,318, koma olumikizidwa ku mipope ya suweji yopita kumalo oyeretsera zonyansa ku Kauma anali ochepa kwambiri, osafika ngakhale mmodzi mwa anthu 10 aliwonse. Nyumba zambiri za m'ma Area otakasuka zimadalira thanki ya zonyansa ya kuseri kwa nyumba. Thanki imeneyi ikakhala ndi chivundikiro chong'aluka, kapena paipi yake yotulutsa mpweya ikasowa kasefa, imasanduka khola la mphemvu zazikulu, ndipo kuchokera pamenepo kufika ku khitchini ya matailosi ndi mapazi owerengeka. Sinki kapena bafa la m'chipinda cha alendo limene lakhala miyezi losagwiritsidwa ntchito limauma madzi otchinga mu mpope wake, ndipo khomo limatseguka kuchokera pansi.

Zimene zinachitika ku Area 18 mu July 2017, pamene zonyansa za m'mipope ya suweji zinalowa m'madzi akumwa a m'nyumba za anthu, mpaka okhala kumeneko anakadandaula ku khoti, zinaonetsa poyera kuti dera lomangidwa mwadongosolo nalo limadwala ngati zapansi pa nthaka zaiwalika. Chaka chomwecho Banki Yaikulu ya Dziko Lonse inavomereza madola 100 miliyoni a ntchito ya madzi ndi ukhondo mu Lilongwe, kuphatikizapo kukulitsa mipope ya suweji ndi kukonza malo oyeretsera a ku Kauma. Ntchito yotere ndi yotamandika, koma mpope watsopano umakalamba monga wakale ngati palibe woukonza.

Ndiponso mzinda ndi thupi limodzi. Wophika wa ku Area 47 amagona ku Mtandire, wolima maluwa wa ku Area 12 amachokera ku Kauma, ndipo tomato, usipa ndi mpunga wa pa tebulo la ku Area 10 zimagulidwa pa msika wa ku Old Town. Timphemvu ta m'khitchini sitiyenda mtunda wautali ndi miyendo. Timakwera galimoto m'makatoni, m'matumba a ufa, m'mathireyi a mazira ndi m'mafiriji ogulidwa kwa ena. Bwana amene amakongoletsa nyumba yaikulu koma n'kusiya nyumba ya antchito kuseri ili ndi chimbudzi chosweka ndi mpope wodontha, akuweta mphemvu zimene adzadya nazo mbale imodzi. Choipa chitsata mwini.

Ku Old Town vuto lili poyera. Pa msika waukulu, pa depoti ya mabasi ndi mu msewu wa Malangalanga anthu zikwizikwi amadya tsiku ndi tsiku chakudya chophikidwa pafupi ndi ngalande. Nyengo ya dzinja ngalandezo zikatsekeka ndi mapulasitiki ndi zinyalala, madzi onyansa amasefukira ndipo mphemvu zimathawira m'mabenchi ndi m'malo odyera. N'kosavuta kudzudzula amayi ogulitsa nsima ndi anyamata okazinga tchipisi, koma anthu amenewa amalipira tikiti ya msika tsiku lililonse, ndipo ali ndi ufulu woyembekezera zimbudzi zogwira ntchito, madzi osamba m'manja ndi galimoto yochotsa zinyalala pa nthawi yake.

Nawo maofesi a ku City Centre ndi pa Capital Hill asadzione ngati oyera. Chipinda chosungira mafayilo ndi nkhokwe ya chakudya cha mphemvu, pakuti pepala, katoni ndi guluu zonse imagaya. Onjezanipo shuga wa tiyi wosiyidwa m'dirowa, nyenyeswa za mandasi pansi pa desiki, makapu ogona osatsuka, ndi chimbudzi cha pa khonde chimene chakhala chikudontha kuyambira chaka chatha, ndiye kuti mudzi wa mphemvu wakhazikika. Zimene zimadyedwa m'menemo ndi makalata a penshoni, a malo ndi a milandu ya anthu.

MANKHWALA

Yankho limene anthu amathamangira ndi kupopera mankhwala, ndipo ndilo lofooka koposa. Mankhwala opopera amapha mphemvu zimene zaonekera, koma zochuluka zimakhala m'ming'alu, ndipo mazira amakhala otetezedwa m'chikwama chawo cholimba. Pakapita masabata ochepa gulu latsopano limakhala latuluka. Kuwonjezera apo, timphemvu ta m'khitchini tinayamba kupirira mankhwala kuyambira m'zaka za m'ma 1950, ndipo mtundu uliwonse watsopano wa mankhwala wakumana ndi zomwezo. Mu 1993 akatswiri anapeza magulu a timphemvu amene anali atasiya kudya nyambo zapoizoni zothiridwa shuga wa glucose, ndipo mu 2013 zinadziwika kuti kwa timphemvu timeneti shugayo anali atayamba kuwawa m'kamwa. Kachilombo kotere sikagonja ndi utsi wa m'chitini.

Choopsa china ndi mankhwala ogulitsidwa m'misewu, m'timapepala ndi m'timabotolo topanda dzina, amene anyamata amayenda nawo akufuula za makoswe ndi mphemvu. Ena mwa iwo, monga uja anthu amamutcha tameki, ndi poizoni wa m'munda woopsa kwambiri, wosayenera kulowa m'nyumba mokhala ana. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka, ndipo chimodzimodzi mphemvu ya m'kabati ya chakudya: wothira poizoni pamenepo amathira m'mbale ya banja lake. Lamulo la mankhwala ophera tizilombo la mu 2000 linakhazikitsa bungwe la Pesticides Control Board kuti liziyang'anira malonda amenewa, ndipo nkoyenera kuti mphamvu za bungweli zizioneka pa misika ndi pa madepoti.

Njira yothandiza imachokera m'chilengedwe cha mphemvu yomweyo. Chifukwa cha mabakiteriya a m'thupi mwake imapirira njala kwa masabata angapo, koma ludzu limaipha msanga. Choncho kukonza mpope wodontha ndi kupukuta sinki usiku kumapha mphemvu zambiri kuposa chitini cha mankhwala. Popeza imafuna mng'alu wobisalamo, simenti pang'ono ndi chida champhamvu. Popeza ana ake amadya zitosi za zazikulu, nyambo zovomerezeka zoikidwa m'makona obisika, kutali ndi ana ndi chakudya, zimapha ngakhale zimene sizinatuluke m'ming'alu. Koma nyambo imagwira ntchito pokhapokha ngati m'nyumbamo mulibe chakudya china chogona poyera.

UDINDO

Lamulo la zaumoyo wa anthu la mu 1948 linapatsa makhonsolo udindo wochotsa zonyansa zoopseza moyo ndi woyendera malo ophikira ndi ogulitsira chakudya. Khonsolo ya Mzinda wa Lilongwe iyenera kuonetsetsa kuti oyendera zaumoyo ake ali ndi zoyendera ndi zipangizo, kuti zinyalala za pa misika zikuchotsedwa zisanawole, ndi kuti zivundikiro za maenje a suweji zimene zasweka kapena kubedwa zikubwezeretsedwa. Woyendera amene apeza zitosi za mphemvu m'khitchini ya hotela yaikulu ku City Centre alembe chimodzimodzi monga angalembere pa kanyumba kodyeramo ka pa depoti, mosayang'ana nkhope.

Alembi aakulu a maunduna ndi oyang'anira nyumba za Boma aleke kuona kukonza zimbudzi ndi mipope ngati ntchito yodikira chaka cha mawa. Kupopera mankhwala kamodzi pa chaka, pamene mpope ukudonthabe, ndi kutaya ndalama za okhoma msonkho. Aliyense wogwira ntchito m'Boma ayambe ndi desiki lake: chakudya chisagone m'dirowa, makapu atsukidwe asanaweruke, ndipo chodontha chinenedwe mwa kalata kwa oyenera.

Makhansala, mafumu a m'tauni ndi atsogoleri a m'nthambi ndi m'madera, amene amayankhula ndi anthu pa misonkhano, pa maliro ndi pa zitukuko, ali ndi mwayi wofikitsa uthenga kumene kalata ya ofesi sifika. Uthengawo ndi wosavuta: dzenje la chimbudzi likhale ndi chivundikiro chokwana bwino, mbale zitsukidwe usiku womwewo ndi kuumitsidwa pa thandala, mkute uvundikiridwe ndi kutenthetsedwa usanadyedwe, ufa ndi shuga zisungidwe m'zotengera zotseka, zinyalala zisagone m'nyumba, ndipo manja asambidwe ndi sopo pochokera ku chimbudzi ndi posanadye. Alangizi a zaumoyo amene amayenda khomo ndi khomo apatsidwe ulemu ndi chithandizo, ndipo mageti a m'ma Area awatsegukire monga zimatsegukira zitseko za ku Chinsapo.

Eni nyumba za lendi, kuyambira a midadada ya zipinda mpaka a nyumba zazikulu zobwereketsa kwa mabungwe, adziwe kuti kupopa thanki ikadzaza ndi kumata chivundikiro chake ndi mbali ya ntchito imene amalandirira ndalama mwezi ndi mwezi. Chala chimodzi sichiswa nsabwe: banja limodzi likayeretsa m'nyumba mwake pamene oyandikana nawo akutaya madzi a mbale pa khoma, mphemvu zimangosamuka lero ndi kubwerera mawa.

Mphemvu sidzatha pa dziko, ndipo palibe boma limene linaithetsapo. Inalipo anthu asanamange mudzi woyamba, ndipo eni mudzi a m'mimba mwake adzapitiriza kuidyetsa. Chimene chili m'manja mwa anthu a mu Lilongwe ndi alendo aja. Mzinda umene zonyansa zake zimayenda m'mipope yotseka, zimbudzi zake n'zovundikira ndipo zinyalala zake zimachotsedwa pa nthawi yake, udzakhalabe ndi mphemvu zowerengeka, koma m'matumbo mwake simudzakhala kamwazi kapena taifodi woti ikatule pa mbale ya mwana. Ntchito imeneyi ikudikira makhansala, alembi a maunduna, eni nyumba ndi mabanja, aliyense pa khomo pake, mvula ya chaka chino isanatseke ngalande.